Maso a Lusaka: chifundo chathu chikuthera pati?

Aliyense woyenda mu Cairo Road kapena woima pa maroboti a mu Great East Road amawadziwa anthuwa: bambo kapena mayi wosaona, dzanja lili paphewa la mwana, akuzemba pakati pa magalimoto. Ena timatsitsa galasi n'kupereka kandalama, ena timayang'ana kumbali mpaka roboti litatsegula. Kwa ambiri a ife nkhani ya khungu imayambira pomwepo n'kuthera pomwepo. Chonsecho mu mzinda womwewu muli zipatala za maso, mabungwe, laibulale ya osaona ndi lamulo lowateteza. Mafunso otsatirawa ndi amene amamveka kawirikawiri m'mipingo, m'magulu a chilimba ndi m'makalabu a anthu ofuna kuthandiza.

Kodi khungu si tsoka chabe, loti likagwa lagwa?

Nthawi zambiri ayi. Mu lipoti lake la 2019, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la kuona, ndipo osachepera 1 biliyoni mwa iwo vuto lawolo likanapewedwa kapena silinapeze woligwira. Kuno ku Zambia chimene chimatseka maso a anthu ochuluka ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa. Kenako pamabwera glaucoma, zipsera zotsala pagalasi la kutsogolo kwa diso, trakoma, matenda a shuga, komanso kusowa magalasi kumene.

Umboni woti zinthu zimasintha tili nawo. Kale chigwa cha Luapula chinkatchuka ndi kuchuluka kwa ana osaona, ndipo chikuku ndi kuperewera kwa vitamini A zinali pakati pa zoyambitsa zake. Katemera wa chikuku, timadontho ta vitamini A timene ana amalandira pa sabata ya umoyo wa ana, ndi shuga wa mu tiyi amene wakhala akuthiridwa vitamini A kuyambira 1998, zachepetsa kwambiri khungu la mtundu umenewo.

Ng'ala n'chiyani kwenikweni? Paja akuti pochita opaleshoni amakolowola diso?

Mkati mwa diso, kuseri kwa kamwana ka diso, muli kagalasi kachibadwa kamene kamalunjikitsa kuwala. Munthu akamakula kagalasi kameneka kamayamba kuchita mbuu. Agogo amayamba kudandaula kuti akuona utsi, dzuwa likuwathobwa m'maso, usiku nyali za magalimoto zikumwazika. Pakapita zaka amangosiyanitsa usana ndi usiku basi, ndipo woyang'anitsitsa amaona choyera pakati pa diso. Shuga, fodya, kuvulala diso ndi mankhwala ena zimafulumizitsa vutoli, koma choyambitsa chachikulu ndi ukalamba.

Palibe dontho, palibe mpiritsi, palibe muzu umene umasungunula ng'ala. Njira yake ndi opaleshoni yokha, ndipo diso silichotsedwa m'malo mwake. Dokotala amachititsa dzanzi disolo, wodwala ali maso, n'kuboola kampata kakang'ono m'mbali, kutulutsa kagalasi kowonongekako n'kulowetsa kena kapulasitiki kamene kamakhala momwemo moyo wonse. Kawirikawiri ntchitoyi siyifika ola. Bandeji amachotsa m'mawa mwake, ndipo ambiri amayamba kuona tsiku lomwelo. Nkhani yoti amaikamo diso la mbuzi ndi mphekesera imene yasunga anthu ambiri mumdima popanda chifukwa.

Palinso mawu akale oti ng'ala iyenera "kupsa" kaye asanaichotse. Masiku ano sizofunika kudikira mpaka munthu asiyiretu kuona. Ikangoyamba kumulepheretsa kusoka, kuwerenga Baibulo, kugulitsa pa kantemba kapena kuyendetsa galimoto, nthawi yakwana. Ng'ala yosiyidwa zaka zambiri imatha kukweza mphamvu ya madzi m'diso n'kuliwononga kotheratu.

Ngati n'zophweka chonchi, agogo ambiri akhaliranji m'nyumba osaona, chipatala chili pafupi?

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ofuna kuthandiza ayenera kumvetsa bwino. Kuchokera ku Kabwata kufika ku chipatala chachikulu cha UTH si ulendo wautali. Komabe munthu wosaona sanyamuka yekha. Pamafunika womuperekeza, ndipo womuperekezayo ndi mwana wake wamkazi amene akatseka tebulo lake ku msika wa Soweto tsiku limodzi, kunyumba sikudyedwa. Ulendonso si umodzi: kukapimidwa, kukapatsidwa tsiku, kukachitidwa opaleshoni, kukachotsa bandeji, kukaonedwanso patapita masabata. Ulendo uliwonse ndi mabasi a anthu awiri, kupita ndi kubwera. Pamwamba pake pali mantha, ndi kaganizidwe koti munthu wokalamba kusaona n'kwachibadwa.

Amayi okalamba ndiwo amatsalira kwambiri, poti ndalama za pakhomo zikachepa iwo amakhala omaliza kuganiziridwa, ndipo eni akewo amati musavutike nane. Mbali inanso ndi ya chipatala. Madokotala a maso m'dziko muno ndi ochepa poyerekeza ndi anthu oposa 19 miliyoni amene anawerengedwa mu 2022, ndipo chipatala chachikulu cha ku Lusaka chimalandiranso odwala otumizidwa kuchokera m'zigawo zina. Mzere umatalika, munthu amatopa, n'kubwerera kunyumba osapitanso.

Choncho mphatso imene imatsegula maso a munthu nthawi zina si makina a mamiliyoni. Ndi ndalama ya basi, ndi munthu wodzipereka kukhala naye pa benchi la kuchipatala kuyambira m'mawa mpaka masana, ndi wina womukumbutsa kudontheza mankhwala atatuluka. Ntchito imeneyi siyijambulidwa m'nyuzipepala, n'chifukwa chake ilibe oipikisana.

Ndimakhala ku Chelstone, mchemwali wanga ali ku Kabwata. Tiyambire kuti?

Yambirani pa kiliniki ya kwanuko. Ndiyo imapereka kalata yokutumizani patsogolo ngati vuto ndi lalikulu. A kummawa kwa mzinda, monga Chelstone, ali pafupi ndi chipatala cha Levy Mwanawasa mu Great East Road, chimene chinatsegulidwa mu 2011. A ku Kabwata, Libala ndi Woodlands ali pafupi ndi chipatala cha Chilenje komanso UTH, kumene kuli chipatala cha maso choima pachokha pakati pa zipatala zisanu zimene UTH inagawidwa. Kumeneko ndiko kumathera matenda ovuta. Ku Makeni kuli Lusaka Eye Hospital ya mpingo wa Seventh-day Adventist, imene yakhala ikugwira ntchito kuyambira 2001. Zilipo zina zolipira za anthu wamba m'tauni ndi kumayadi. Amene ali pa inshuwaransi ya boma ya NHIMA anyamule nambala yawo n'kufunsiratu chimene chikulipiridwa ndi chimene adzipatulira okha m'thumba.

Pali nthawi zina zosadikira kalata: diso likalasidwa ndi waya kapena mwala, likathiridwa asidi, laimu kapena simenti, likasiya kuona mwadzidzidzi, kapena likapweteka koopsa mpaka mutu ndi kusanza. Ngati ndi mankhwala amene alowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ochuluka kwa nthawi yaitali musananyamuke, kenako thamangani. Owotcherera zitsulo ndi ophwanya miyala a ku Kalingalinga amadziwa bwino ngozi zoterezi, ngakhale ambiri amagwirabe ntchito maso ali pamtunda.

Maso anga sakuwawa ndipo ndikuona bwino. Ndikapimitsirenji?

Chifukwa cha glaucoma. Nthendayi imawononga mtsempha umene umanyamula zoona kuchokera m'diso kupita ku ubongo, kawirikawiri chifukwa madzi a m'diso sakutuluka bwino ndipo akupanikiza mkati. Imadya ngati chiswe mu mtanda wa denga: kunja kumaoneka bwinobwino mpaka tsiku logwa. Imayamba kudula kuona kwa m'mbali, pamene munthu sazindikira msanga. Akamayamba kugunda mafelemu a zitseko kapena kudzidzimuka ndi njinga yochokera pambali, gawo lalikulu la mtsempha lapita kale, ndipo lopitalo silibwerera. Apa ndiye pamene imasiyanirana ndi ng'ala.

Anthu akuda imatigwira kwambiri ndiponso msanga kuposa mitundu ina, ndipo imayenda m'magazi. Amene wapyola zaka 40, makamaka ngati kholo kapena mbale wake anachita khungu losadziwika bwino, apimitse mphamvu ya m'diso ndi mtsempha. Ikapezeka msanga imagwirika ndi madontho a tsiku ndi tsiku, kuwala kwa leza kapena opaleshoni. Vuto ndi loti madonthowo ndi a moyo wonse, ndipo sachititsa munthu kuona bwino kuposa kale, amangoteteza chotsalacho. Ambiri amasiya botolo loyamba likatha poti sakuona kusintha, ena chifukwa cha mtengo. Gulu lofuna kuthandiza likanasankha odwala glaucoma ochepa n'kumawagulira madontho mwezi ndi mwezi, likanapulumutsa maso ambiri kuposa phwando la tsiku limodzi.

A shuga nawo asadzinamize. Shuga amawononga timitsempha ta magazi ta kumbuyo kwa diso mwakachetechete. Wodwala aliyense apimitse maso kamodzi pachaka, ngakhale akuwerenga nyuzipepala popanda magalasi. Izi zikukhudza a ku Kabulonga chimodzimodzi ndi a m'komboni.

Nanga mankhwala achikuda, kapena madontho ogula pa famase?

M'diso musathire chimene dokotala sanakuuzeni. Pa mliri wa maso ofiira wa mu 2024, umene unakhudza Malawi, Zambia ndi maiko oyandikana nawo, azaumoyo anachita kuchenjeza anthu kuti asiye kuthira mkodzo, mkaka wa m'mawere, madzi a mchere ndi timadzi ta masamba. Maso ofiira otere amatha okha pakapita masiku, koma mkodzo ungalowetse chinzonono m'diso n'kuboola galasi lake m'masiku ochepa. Chipsera chake ndi cha moyo wonse.

Madontho okhala ndi steroid ndi msampha wina. Amaziziritsa kuyabwa msanga, motero kholo limangogulabe botolo lina mwana akayamba kutikita maso nyengo ya fumbi. Akagwiritsidwa ntchito miyezi yambiri popanda woyang'anira amabweretsa glaucoma ndi ng'ala kwa mwana amene anali ndi vuto laling'ono.

Kwa ana tiziyang'ana chiyani?

Choyera pakati pa diso la khanda, kaya mwachiona ndi maso kaya pa chithunzi cha foni, ndi nkhani ya sabata yomweyo. Chingakhale ng'ala yobadwa nayo, kapena khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma, imene imachizika ikapezeka msanga koma imapha ikachedwa. Ng'ala ya mwana siyidikira ngati ya agogo, chifukwa ubongo umaphunzira kuona m'zaka zoyambirira, ndipo ukaphonya nthawi imeneyo opaleshoni yochedwa siyibweza zonse. Diso lopenyera kumbali, mafinya ochuluka m'maso mwa khanda la masiku ochepa, ndi mwana wobadwa masiku asanakwane, onsewa aonedwe ndi a maso.

Ku sukulu, mwana wotsinzinira poyang'ana pa bolodi kapena wokopera zonse kwa mnzake amatchedwa waulesi, pomwe akungofunika magalasi. Magalasi sawononga maso a mwana. Ana achialubino ambiri amabadwa ndi vuto la kuona. Amafunika mpando wakutsogolo, zilembo zikuluzikulu, chipewa ndi magalasi, osati kuwatumiza kukaphunzira Braille, zilembo za osaona, asanapimidwe.

Mabungwe akunja amene timamva maina awo akuchita chiyani?

Ntchito zawo n'zosiyana. Sightsavers inayambitsidwa mu 1950 ndi John Wilson wa ku Britain, amene iye mwini anachita khungu ali ndi zaka 12 pa ngozi ya m'kalasi ya sayansi; ku Zambia imathandiza pa ng'ala, trakoma ndi ufulu wa olumala. Orbis imalimbikira kuphunzitsa madokotala ndi anamwino ndiponso maso a ana, ndipo inathandiza kukhazikitsa chithandizo cha maso a ana ku Kitwe. Mu 2023 ndege yake, imene mkati mwake muli chipinda cha opaleshoni ndi kalasi, inatera ku Lusaka kudzaphunzitsa limodzi ndi chipatala cha maso cha UTH. CBM yakhala ikuthandiza zipatala za mishoni. Operation Eyesight ya ku Canada inakumba mijigo ku Sinazongwe polimbana ndi trakoma. A Lions dzina lawo lili pa sukulu ya osaona ku Ndola, monganso lilili pa zipatala za maso ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Mijigo ikukhudzana bwanji ndi maso? Trakoma imafala ndi manja, nsalu ndi ntchentche zotera pa manthongo a ana. Ikabwerezabwereza, chikope chimapindikira mkati ndipo nsidze zake zimakanda diso mpaka kulichititsa khungu. Kuithetsa kumafuna zinthu zinayi pamodzi: opaleshoni ya chikope, mankhwala a azithromycin operekedwa kwa mudzi wonse, kusamba kumaso, ndi madzi ndi zimbudzi. Malawi inatsatira njira imeneyi, ndipo mu September 2022 WHO inalengeza kuti yathetsa trakoma ngati vuto la umoyo wa anthu, dziko loyamba kutero kummwera kwa Africa. Chimene chatheka kutsidya kwa Mchinji chingathekenso kuno.

Ndinenepo maganizo anga: mlendo wabwino ndi amene akachoka amasiya dokotala wa kuno akudziwa chimene sankadziwa, ndi makina amene alipo wowakonza akawonongeka. Thandizo la kunja limakwera ndi kutsika malinga ndi ndale za kwawoko. Maso a anthu a ku Zambia ayenera kukhala mu bajeti ya Zambia.

Mpingo wathu ku Woodlands ukufuna kuchita tsiku lopima maso ulere, ndipo tasonkhanitsa magalasi akale. Tachita bwino?

Mtima ndi wabwino, koma dongosolo likonzedwe. Tsiku lopima maso limathandiza pokhapokha mutadziwiratu kumene opezeka ndi vuto adzapita. Kuuza gogo kuti muli ndi ng'ala n'kumupatsa kapepala, mahema n'kupasula, sikumuchiritsa. Musanalengeze tsikulo, kambiranani ndi chipatala kuti chilandira anthu angati ndipo liti, pezani galimoto, sankhani anthu olemba maina ndi kuwatsatira mpaka opaleshoni itachitika ndi kuonedwanso. Bwino kupima anthu ochepa n'kuwafikitsa kumapeto kusiyana ndi kudzaza bwalo la tchalitchi.

Za magalasi akale, ndingakulangizeni kuti musavutike nazo. Magalasi amadulidwa molingana ndi maso a munthu mmodzi: diso lamanja mphamvu yake, lamanzere yake, ndi mtunda wa pakati pa maso ake. Mwayi woti agwirizane ndi munthu wina ndi wochepa, ambiri amakhala okalika kapena opindika, ndipo ntchito yowasankha imadya ndalama kuposa kugula atsopano. Magalasi owerengera atsopano, amene anthu opyola zaka 40 amafuna polowetsa ulusi mu singano, ndi otsika mtengo. Telala wa mu msika wa Kabwata amene wayamba kukana ntchito zosoka mwaluso angabwerere pa makina ake ndi magalasi oterewa. Kungoti amene akugula m'mbali mwa msewu adziwe kuti magalasi owerengera sapima glaucoma.

Nanga amene maso awo sadzabwereranso, kwatsala chiyani?

Kwatsala moyo wonse, ndipo apa ndi pamene chifundo chathu chimalakwitsa kwambiri, chifukwa timaganiza kuti dokotala akalephera ndiye kwatha. Maphunziro a osaona m'dziko muno ndi akale kuposa dzina loti Zambia. Anayambira ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1905, pamene Issie Hofmeyr wa mishoni ya Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa osaona. Atamwalira, ntchitoyo anaipitiriza Ella Botes. Sukulu ya Magwero ilipo mpaka lero, pamodzi ndi zina monga ya Lions ku Ndola, Sefula ku Mongu ndi St Mary's ku Kawambwa. Aphunzitsi a ana olumala amaphunzitsidwa ku ZAMISE ku Kamwala, koleji imene inayamba mu 1971. Ku Chilenje kuli laibulale ya osaona imene inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la bungwe la osaona la ku Finland. Kumeneko kuli mabuku a Braille ndi omvera, ndipo amasandutsa zolembedwa kuti ziwerengeke ndi zala.

Munthu amene wachita khungu ali wamkulu amafunika kuphunzira zinthu zingapo: kuyenda ndi ndodo yoyera, kuphika ndi kusamalira nyumba mwa njira yatsopano, Braille ngati akufuna, ndi foni. Foni ya masiku ano ili ndi mawu owerenga zonse za pagalasi, TalkBack pa Android ndi VoiceOver pa iPhone, ndipo pa kompyuta pali pulogalamu yaulere ya NVDA. Wosaona amatumiza uthenga pa WhatsApp, amalandira ndalama pa foni, amalemba malipoti a ku ofesi.

Kale osaona ambiri ophunzira ankalembedwa ntchito yolumikiza mafoni m'maofesi a boma. Ntchito imeneyo inachepa kwambiri ndi kubwera kwa mafoni a m'manja, ndipo uphunzitsi ndiwo watsala khomo lalikulu. Koma malire ake si amenewo. Lazarus Tembo, woimba wosaona wa kuchigawo cha kummawa, anafika pokhala nduna yaing'ono yoona za chikhalidwe m'boma la Kenneth Kaunda. Chimene chimasowa kawirikawiri si nzeru koma zida: makina olembera Braille, mapepala ake okhuthala, mabuku a silabasi ofika pa nthawi yake, ndi bwana wolola kuyesa munthu asanamukane.

Kodi lamulo likunenapo chiyani, kapena zonse zimadalira kukoma mtima kwa anthu?

Lamulo lilipo. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Persons with Disabilities Act, yoletsa tsankho pa maphunziro, ntchito, chithandizo cha kuchipatala ndi kalowedwe m'nyumba za anthu onse. Bungwe la boma loyang'anira zimenezi ndi Zambia Agency for Persons with Disabilities, ZAPD, limene likulu lake lili mu Leopards Hill Road ku Kabulonga. Ndilo limalembetsa olumala ndi kupereka khadi. Pa ndondomeko ya Social Cash Transfer, banja lokhala ndi munthu wolumala kwambiri limalandira ndalama yochulukirapo kuposa mabanja ena. Pa mayeso a boma mwana wosaona ali ndi ufulu wa mapepala a Braille ndi nthawi yoonjezera.

Ufulu umenewu sunabwere ngati mphatso. Mu 2011 Sela Brotherton, poimira chitaganya cha mabungwe a olumala cha ZAFOD, anasumira bungwe loyendetsa zisankho ku khoti lalikulu, ndipo khotilo linagamula kuti olumala ankasalidwa pa kavotedwe, kuphatikizapo osaona amene sankatha kuvota mwachinsinsi paokha. Osaona ali ndi bungwe lawolawo, Zambia National Federation of the Blind, lowalankhulira.

Koma lamulo la papepala silitseka ngalande. Yendani kuchokera ku Kulima Tower kupita ku City Market mukuganizira munthu wa ndodo yoyera: ngalande zosavundikira, magalimoto oimikidwa panjira ya oyenda pansi, katundu woyalidwa paliponse, mabasi oima pamene afuna. Kulankhulira osaona ndi kufunsanso khansala za chivundikiro cha ngalande ya pakona panu.

Ndiye pa maroboti paja, ndipereke kapena ndisapereke?

Sindingakuuzeni kuti musapereke. Njala ya lero ndi ya lero, ndipo palibe amene amaima padzuwa la October pakati pa magalimoto chifukwa chokonda. Koma yang'anani mwana amene wagwiridwa paphewa uja. Nthawi imene mukumuonayo anzake ali m'kalasi, ndipo kuyambira 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka sekondale. Khungu la kholo likudya tsogolo la mwana woona bwinobwino. Kholo likaphunzira kuyenda ndi ndodo, likalembetsedwa ku ZAPD ndi ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, likapeza mpamba wa kabizinesi, mwanayo amamasuka. Ndiponso ena mwa opemphawo sanapimidwepo ndi dokotala wa maso chiyambire. Funso loti munapitako ku chipatala cha maso lingakhale lamtengo kuposa ndalama imene muli nayo m'manja.

Ndikakumana ndi wosaona pamsewu kapena mu ofesi, ndimuthandize bwanji osamuchititsa manyazi?

Funsani kaye. Nenani kuti, "Bambo, ndikuthandizeni kuwoloka?" Akavomera, musamukoke dzanja kapena kugwira ndodo yake, mupatseni chigongono chanu agwire, inu muziyenda patsogolo pang'ono, mukunena pamene pali sitepe, ngalande kapena chitseko. Pomukhazika, ikani dzanja lake pa mpando, adzakhala yekha. Mukalowa m'chipinda tchulani dzina lanu, ndipo mukamatuluka nenani, asatsale akulankhula ndi mpando. Pa chakudya muuzeni kumene kuli nsima ndi kumene kuli ndiwo. Pobweza chenji werengani mokweza, ndalama iliyonse payokha.

Lankhulani ndi iyeyo, osati womuperekeza. Funso loti "amamwa tiyi wa shuga?" lofunsidwa kwa mwana, mwini wake ali pomwepo, limapweteka kuposa kupunthwa. Musakweze mawu, makutu ake ali bwino. Ndipo akakana thandizo, msiyeni, njirayo amaidziwa.

Ndili ndi ndalama pang'ono ndi nthawi pang'ono. Ndiziike pati?

Yambani ndi a pakhomo panu: makolo, wantchito wa m'nyumba, mlonda wa pageti, woyendetsa galimoto. Nyumba zambiri za ku Kabulonga ndi Woodlands zimalondedwa usiku ndi bambo wachikulire amene maso ake sanapimidwepo. Mupatseni tsiku ndi ndalama ya basi.

Mukafuna kupereka ku bungwe, lifunseni mafunso atatu. Linalembetsedwa ku boma ndipo limaonetsa mmene ndalama zayendera? Mwa anthu amene linawapeza ndi vuto chaka chatha, ndi angati anafika pochitidwa opaleshoni n'kuonedwanso? Pakati pa oliyendetsa alipo osaona? Bungwe lonena za osaona koma lopanda wosaona pa tebulo lake limagula zinthu zimene eni ake sanapemphe, monga mabulangete pamene akufuna mapepala a Braille. Amene muli ndi kampani, lembani ntchito wosaona woyenerera. Lamulo la msonkho limapereka kuchotsera kwa olemba ntchito olumala. Amene muli ndi mawu abwino ndi ola limodzi pa sabata, kafunseni ku laibulale ya ku Chilenje kapena kwa wophunzira wosaona wa pa yunivesite ngati akufuna womuwerengera.

Tsiku loganizira za maso padziko lonse limakhala Lachinayi lachiwiri la mwezi wa October, ndipo la ndodo yoyera ndi 15 October. Masiku amenewa kumakhala maulendo a pamsewu ndi kupima maso m'malo osiyanasiyana, ndipo ndi bwino kupitako. Koma ngati kunyumba kwanu kuli gogo amene wasiya kutuluka panja chifukwa akuona utsi, musadikire October. Pitani naye ku kiliniki sabata ino.